Chigwa cha a Baldomero kuseri kwa khola

Anthu ankati a Baldomero Cárcamo ali ndi golide. Ine sindinamuonepo golideyo, koma munthu wotuta mchenga kumtsinje pangolo ya ng'ombe chaka ndi chaka, n'kumautsuka pakhomo ndi ketulo, inu mungamuganizire chiyani?

Eni ake ankati akumanga kachifanizo ka chigwa chathu. Kuseri kwa khola la nkhosa anaunjika mulu: pansi dongo lotuwa, kenako mchenga, pamwamba miyala yobulungira, monga momwe madzi oundana, amene kalekale anakuta dziko lino, anazisiyira muno pobwerera kumapiri. Akatero ankathira madzi pang'onopang'ono, n'kugwada kuonerera kamtsinje kakudzikumbira njira. M'mphepete mwa muluwo anazikamo kamtanda ka timitengo. Kameneko kankaimira manda a akazi awo, mayi Eduvigis, amene agona pamwamba pa gomo lomwe mtsinje weniweni umaligumula chaka chilichonse. Chowasowetsa mtendere chinali chimodzi: awafukule mayiwo, kapena awasiye?

Ukapita kukacheza, mate, tiyi wathu wa kuno, umuiwale. Madzi asanatenthe n'komwe, ketulo yapita kale kumulu.

"Achimwene, kukhosi kwauma kuno," ankadandaula a Nicanor Oyarzo, oyandikana nawo nyumba.

"Dikirani, zaka chikwi zikudutsa."

"Zidutse msanga, mbatatesi zanga zikundidikira."

Tsiku lina nkhuku inapalasa chigwa chonse. A Baldomero sanaipirikitse. Anangovula chipewa n'kuti, "Chivomezi. Nachonso chimachitika."

Kunabweranso mayi wina wophunzira za miyala, dzina lake Maribel, atanyamula chigwa chathu chomwechi m'kompyuta. Naye anagwada pamulu paja mpaka maondo kutuwa.

"Agogo, ketulo yanuyi ndi yaulemu kwambiri," anatero. "Mtsinje umakumba zenizeni tsiku limene nyanja yotsekeredwa ndi madzi oundana yaphulika kumtunda."

"Ndiye gomo langa ligwa?"

"Makina anga akuti mwina."

"Ha! Ketulo yanganso imatero. Zinaphunzira sukulu imodzi."

M'mawa mwake mkuluyo anakhuthula mgolo wonse wa madzi nthawi imodzi. Kamtanda kanatsala chilili. Zimene zinapita ndi mbatatesi za a Nicanor. A Baldomero anamanganso mulu, anakhuthulanso, ulendo uno kamtanda tinakakatola kumpanda. Asanayese kachitatu, a Nicanor anabisa mgolo.

A Baldomero atadwala tinapita kukawaona, ndipo ine ndinalimba mtima.

"Akulu, mwathira madzi okwana. Tiwasamutse mayi aja?"

Anayang'ana kuzenera.

"Ayi. A Eduvigis sankakonda kudzutsidwa. Mudzandiike pambali pawo, mbali ya kumtsinje. Ukafika, uyambe wakambirana ndi ine."

Atamwalira, tinachita zomwezo.

Chichokereni iwo, mate timamwa wotentha, pa nthawi yake, koma sakoma ayi. Ketulo ili pamsomali. Mvula inapitiriza kukumba mulu uja popanda wougwadira, ndipo ine, amene ndinkaseka kuposa onse, ndimangozindikira ndaima pamwamba pa gomo, ndikusuzumira pansi kuti mtsinje wadya pati.

Mwezi wathawu a Nicanor anabwera ndi fosholo ndi sefa. Akuti si dyera, akungofuna chipukutamisozi cha mbatatesi. Ine ndinawagwirira thumba, poti mnzako sumusiya yekha pa ntchito yotere. Tinasefa mulu wonse mpaka kufika padongo.

Golide munalibe.