A Tulo ndi Nati ya Fani

A Tulo sanamasulepo fani ya lole asanayambe agona pansi pake. Dzina lawolo linachokera pamenepo. Lole ikafika pagalaja pawo ikufuka nthunzi, pampu ya madzi itatha, iwo ankatsegula boneti, n'kuchotsa chivundikiro cha fani, n'kuyang'ana nati yaikulu imene imamangirira kilachi ya fani ku pampu. Ankaiyang'ana ngati m'bale amene anasiyana naye kalekale. Kenako ankaidonthezera mafuta ofewetsa dzimbiri, n'kukoka katoni yawo, n'kukwawira kunsi. Posakhalitsa kunja kunkangotsala mapazi awiri ndi mkonono.

"Amakaniko, ine ndili pa changu!" mwini lole ankatero, akuwerama.

"Changu chanucho kachiimikeni pamthunzi," mawu ankachokera pansi. "Natiyi sindinakumane nayo."

Nati za fani si zofanana. Zina zimamasukira kumanzere monga nati zonse, zina mazinga ake ndi otembenuka, zimamasukira kumanja. Amakaniko ena amangoona komwe fani imazungulirira n'kudziwa. A Tulo ankati kumeneko n'kulowa m'nyumba ya eni osaodira. Nati iyenera kunena yokha, ndipo imanenera kutulo.

Akadzuka ankakhala tsonga, maso ali kutali.

"Ndinali pa mlatho wautali," ankatero, "ndipo ng'ombe zonse zinkawoloka chafutambuyo. Iyi ndi ya kumanja."

Ankagwiritsa pule, kagudumu koyendapo lamba wa fani, kuti isazungulire, n'kulowetsa sipanala yaikulu, n'kuimenya ndi hamala kamodzi kokha. Nati inkatembenuka mofatsa ngati mwana wogona akamusuntha pamphasa.

Amene ankaziona kwambiri zimenezi anali alamu awo, achimwene a akazi awo, dalaivala wa lole yobiriwira yakalekale. Adalaivalawo anazindikira kuti tulo ta alamu awo tinkatha nthawi imene injini yazizira ndipo mafuta alowerera. Koma sananene kwa munthu. Malotowo ankawakonda.

Kuwakondako sanayambe nako. Ali ndi mphamvu zawo, adalaivala anali munthu wosakhazikika. Tsiku lina lole yawo itatenthetsa, anamvetsera mkonono uja mpaka anapsa mtima. Anatenga sipanala mwakachetechete, n'kuilumikiza ndi chipaipi chachitali, n'kuyamba kukokera kumanzere. Anakoka mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Sipanala inaterereka, zala zawo zinakapala radiyeta, chipaipi chinagwa pa simenti n'kulira ngati belu la sukulu.

Mapazi aja anasuntha.

"Alamu, ndimalota munthu akukhoma chitseko chimene akufuna kutulukirapo. Ndinu?"

"Ndimati ndithandize."

"Mwathandiza ndithu. Mwaimanga bwino kuposa akufakitale. Tsopano ndikagone kawiri, kamodzi kokapepesa."

Chodabwitsa n'chakuti kunyumba a Tulo sankagona. Pabedi ankangotembenuka, kudandaula kuti denga latalika. Akazi awo anatopa nazo mpaka tsiku lina anawaimitsa adalaivala pageti.

"Achimwene, lole yanuyo singalowe kuchipinda? Tigwetsa khoma. Bola munthuyu apumule, nanenso ndipumule."

Anthu amasimbanso za tsiku limene mvula inagwa ya mkokomo iwo ali pansi pa lole ya matabwa. Madzi analowa m'galaja, katoni inanyamuka nawo pang'onopang'ono, inadutsa pakati pa matayala, inazungulira dilamu la oilo, n'kukaima pa khomo la wowotcherera zitsulo. Akuti a Tulo anatsegula diso limodzi n'kunena kuti, "Ya kumanzere. Koma ulendo wake wautali." Wowotchererayo amalumbira mpaka lero. Adalaivala amangoti katoniyo inanyowadi.

A Tulo anamwalira mvula ya chaka chatha isanagwe. Galaja ilipo. Akuyendetsa ndi mwana wawo wamkazi, amene anthu amamutcha Nachangu, ndipo ntchito amaidziwa. Malole salinso pamzere. Munthu amabwera m'mawa, masana ali pamsewu. Koma masanawo pagalaja pamamveka zitsulo zokhazokha. Madalaivala akale akafika amayamba awerama, kusuzumira kunsi kwa lole, n'kudzuka ngati aiwala chimene amafuna. Palibe amene amabwerako ndi nkhani ya ng'ombe zoyenda chafutambuyo.

Adalaivala anawaona komaliza a Tulo akugona pansi pa lole m'nyengo ya dzuwa, atatsala pang'ono kumwalira. Pamenepo n'kuti adalaivalawo atasiya zonyamula katundu wa anthu. Unatsala ulendo umodzi, wopita kumunda umene anagula kutali kuti akakalambire kumeneko. Kumbuyo kwa lole anadzaza mbande za malalanje ndi mapeyala zimene anazilera okha kuseri kwa nyumba, iliyonse m'kachubu kake. Asanatuluke n'komwe m'tauni, pampu inayamba kukha madzi, ndipo lole inafika pagalaja ikupuma ngati nkhalamba.

Pampu yatsopano inapezeka. Koma kilachi ya fani ya lole yakale choncho inali itasowa m'masitolo monse. Inayenera kuchoka yamphumphu kuti ikamangidwe ku pampu yatsopanoyo. Nati yake inali itagwirana ndi dzimbiri. Nachangu anaimenya, anaimenyanso, kenako anaika hamala pansi.

"Amalume, makona ake ayamba kudyeka. Ndikaphonyanso kamodzi, sipanala sigwiranso. Zikatero n'kudula basi, kilachi yapita, lole yagona pompano."

Adalaivala anakwera kumbuyo kukaona mbande. Masamba anali atayamba kuzyolika. Anawaza madzi ndi dzanja kuchokera m'ndowa, koma dzuwa linkamwa asanatsike n'komwe.

Nthawi imeneyo a Tulo anali atadwala kwa miyezi, osatuluka m'nyumba yawo ya kuseri kwa galaja. Choncho onse anadabwa kumva patapata akukhwekhwereza pa simenti. Anabwera ndi ndodo, malaya akuwalendewera m'mapewa.

"Ndamva hamala ya munthu wokwiya," anatero.

"Bambo, bwererani mukagone."

"Ndabwerera zomwezo."

Anadontheza mafuta pa nati, ena n'kugwera pa lamba wa fani. Nachangu anawapukuta. Katoni yawo yakale inali itatayidwa, ndiye anawayalira ina ya batire. Kugwada kunawavuta. Adalaivala anawagwira m'khwapa n'kuwatsitsa, ndipo anadabwa kuti munthu wamkulu angapepuke choncho.

Mapazi awiri anatsala kunja. Mkonono sunamveke.

Adalaivala anakhala pa tayala lakutha. Kunatentha moti malata a galaja ankathetheka okha. Fumbi linkayandama m'kuwala kolowera pa zibowo za denga. Kwinakwake wailesi inkaimba motsitsa. Nthunzi ya injini inatha, fungo la mafuta linakhazikika, mthunzi wa khoma unayamba kukwawira ku matayala akumbuyo. Iwo ankayang'ana mbande, n'kuyang'ana mapazi. Kenako anasiya kuyang'ana mbande.

"Alamu?" anaitana chapansipansi.

Zii.

"Alamu!"

Chala chachikulu cha kuphazi chinagwedera.

"Musandidule. Ndili m'munda mwanu."

Adalaivala anapumira m'mwamba. "Muli bwanji mmenemo?"

"Mitengo yakula, yapitirira nyumba. Malalanje akuwala ngati nyale za lole. Inu mwakhala pansi pake, mulibe changu, moti poyamba sindinakuzindikireni. Mphepo ikuwomba masamba onse mbali imodzi." Mapazi anasuntha. "Ya kumanja. Ndikokeni."

Anawakoka ndi katoni yomwe.

"Bambo, zoti ndi ya kumanja ndikudziwa kuyambira m'mawa," anatero Nachangu.

"Iwe umadziwa. Iyo inali isanavomere."

A Tulo anatsamira pa lole, n'kulowetsa sipanala okha. Anaisuntha pang'ono, anaisunthanso, mpaka inakhala pa makona amene anali asanadyeke. Adalaivala anagwira pule. A Tulo anatambasula dzanja kuti anyamule hamala, anainyamula kufika m'chiuno, n'kuiyang'ana ngati yawalakwira.

"Ndani wainenepetsa hamalayi?" Anaipereka kwa mwana wawo. "Kamodzi, mayi. Osati ngati ukuilanga. Ngati ukugogoda kwa apongozi."

Nachangu anamenya kamodzi. Panamveka kaphokoso kouma, dzimbiri linayoyoka, sipanala inatsika yokha. Anamaliza kumasula ndi zala, n'kutulutsa fani ndi kilachi yake yamphumphu, kuinyamula pachifuwa ngati khanda kuti isakhudze radiyeta.

Ntchito yotsala inali ya awiri, Nachangu ndi amalume ake. Anachotsa pampu yakale, anapala pokhala pake, anamanga yatsopano, anabwezera fani ndi lamba, anathira madzi. Pamene ankatseka boneti, mthunzi unali utaphimba lole yonse, ndipo mbande zimene adalaivala anaziwazanso madzi zinali zitayamba kudzutsa masamba. Akananyamuka pomwepo akanafika kumunda kusanade.

Adalaivala anatulutsa kiyi m'thumba. Ndipo pamenepo anaona kuti mapazi aja ali kunja kwa lole kachiwiri, patapata mmodzi atavuka.

Anawerama. "Alamu, nati yamasuka kale. Mukukafunsanso chiyani?"

"Palibe," mawu anayankha, akumira kale. "Ndinasiya lalanje nditasenda theka."

Nachangu anapukuta manja pa ovolosi. "Ndiwadzutse, amalume? Dzuwa likupita."

Adalaivala anayang'ana msewu, anayang'ana mbande zawo. Pansi pa lole panayamba kamkonono kakang'ono, kosalala, konga injini yoima pamalo. Anabweza kiyi m'thumba n'kukhalanso pa tayala lija.

"Asiye amalize," anatero.