Nyemba za a Kokerakwako

Kuseri kwa mapiri atatu kunali dziko lotchedwa Tonsetili. Anthu a kumeneko ankasankha mtsogoleri pobzala nyemba. Dzinja lachisanu lililonse ankalima mizere pabwalo, mzere umodzi wa munthu aliyense wofuna mpando. Munthu wamkulu aliyense ankabwera ndi nyemba imodzi ya m'nyumba mwake, n'kuibzala pamzere wa amene wamukonda. Pakatha masiku asanu ndi atatu ankawerenga zomera, ndipo wa mzere wobiriwira kwambiri ndiye ankakhala pampando. Wa ng'ombe zana ankabzala imodzi, wopanda ndi nkhuku yomwe ankabzalanso imodzi. Wowerenga anali mayi Tcheru, mzimayi wa maso akuthwa amene sankadya chiphuphu.

M'dzikomo munali a Kokerakwako, bambo waulemu, wolankhula motsitsa. Iwowa anabweretsa nyemba zachilendo zobereka katatu kuposa zamakolo. Anthu anazikonda, ndipo mbewu yakale anaiphika mpaka inatha m'mitsuko. Koma nyemba zatsopanozi zinali ndi khalidwe lake: zimene wakolola ukazibzala sizinkamera. Chaka ndi chaka aliyense ankapita kunkhokwe ya a Kokerakwako kukagula mbewu. Chumacho chitakula anagula chigayo, kenako ngolo zonse, kenako dambo limene anthu ankamwetsako ziweto, n'kulitchinga ndi minga. Anthu ankang'ung'udza chamumtima, poti chala sichiloza mwini.

Chaka cha chisankho chitafika, ofuna mpando anali awiri: a Ndamva, mphwawo wa a Kokerakwako, ndi a Sindiopa, amene analonjeza kuti akadzangokhala pampando minga ya kudambo idzachoka tsiku lomwelo. Mayi Tcheru mtima sunali m'malo. Anatenga nyemba za m'nyumba khumi, n'kuziyala pachiguduli chonyowa. Sabata inatha, osamera ndi imodzi yomwe. Anakulunga chigudulicho n'kupita nacho kubwalo la akulu.

"Makosana, pepani ndalowa osaitanidwa," anatero akuchiyala pansi. "Taonani. M'dziko muno mulibe nyumba imene ili ndi nyemba yamoyo. Tikabzala izi ndidzawerenga dothi. Liwu lathu tinaliphika ndi mchere, tinadyera nsima. Latsala m'nkhokwe imodzi, ndipo kiyi wake ali m'thumba la munthu mmodzi. Galu wamkota sakandira pachabe. Ndikufunsa: tisankha ndife kapena nkhokwe?"

Akulu anayang'ana pansi, popeza ambiri mwa iwo ankagayitsa ulere. A Kokerakwako anaimirira, n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Mayi athu anena zoona, ndipo ine ndine mwana wanu. Mwambo wa makolo sungafe ine ndili moyo. Aliyense ndimupatsa nyemba yake yobzala, osalipira kanthu."

"Zikomo, bambo, koma ayi," anayankha mayi Tcheru. "Nyemba yofutsa ndi yamoyo zimafanana pamaso. Mudzadziwa ndinu nokha kuti uyu mwamupatsa iti. Ngati mtima wanu uli woyera, thumba lonse likhuthulidwe m'lichero pamaso pa anthu, ndisakanize ndi dzanja langa, aliyense atole yekha."

"Iii, amayi inu, mumakayikira ndi mthunzi wanu womwe," anaseka a Kokerakwako. "Chabwino. Zichitike monga mwanena."

Kuvomera msangako n'kumene kunawaopsa kwambiri mayi Tcheru. Tsiku lobzala anasakaniza nyemba mpaka mkono kuwawa. Masiku asanu ndi atatu aja sanachoke pabwalo. Ankapirikitsa nkhuku, ankayang'ana mapazi a aliyense woyandikira mizere, ngakhale madzi othirira ankayamba alawa. Anaonda, khosi kutalika, akudikira chinyengo chimene sankachiona kumene chidzere.

Chinyengocho sichinabwere. Nyemba zinamera zonse. Mayi Tcheru anawerenga katatu anthu akuona, ndipo mzere wa a Sindiopa unaposa wa a Ndamva ndi zomera makumi asanu ndi awiri. Nthungululu zinamveka mpaka kuphiri. A Kokerakwako ndiwo anayamba kugwira chanza wopambanayo, nkhope ili mwee. Mayi Tcheru anakhala pansi n'kumadzifunsa ngati sananamizire munthu wosalakwa.

Mawa lake akulu anawakhazika a Sindiopa pampando wa dziko. Abusa a ng'ombe anabwera ndi zikwanje zawo, okonzeka kupita kudambo. Mayi Tcheru anagwada nati, "Wolemekezeka, ziweto zili ndi ludzu. Lamulani."

A Sindiopa asanatsegule pakamwa, a Kokerakwako anatsokomola pang'ono. "Pepani, mfumu yanga, kangachepe chabe. Mvula yakhazikika, ndipo minda yonse ikudikira mbewu. Koma ine thupi silili bwino. Munthu akamamva phokoso la zikwanje, amaiwala pamene waika kiyi. Ndikapume kaye." Anawerama, n'kunyamuka pang'onopang'ono kulowera kunkhokwe kwawo.

Azimayi anayang'ana mitambo, kenako ana amene anali kumsana. Mmodzi mwa abusa aja anabisa chikwanje kumbuyo. A Sindiopa anapukuta thukuta pamphumi, ngakhale kunali kamphepo.

"Abale anga," anatero pomaliza, "nkhani ya dambo ndi yaikulu, siyofunika phuma. Komanso pano dzuwa lanyanya. Ndaona kuti pakhonde la nkhokwe pali mthunzi wabwino. Kuyambira lero milandu ya dziko tizikambira kumeneko."

Palibe amene anadzipereka kunyamula mpando. A Sindiopa anadzuka, anausenza okha pamutu, n'kuyamba kutsatira a Kokerakwako, akufulumira kuti awapeze asanatseke chipata.