Ampulifaya Imene Inafikitsa Patuma Pampando

Iwe ukuseka pakonapo, unayamba wagwirapo ampulifaya itakwiya? Khala chete ndiye. Ine ndayendetsa minibasi ya Benga mpaka imvi izi, ndipo pansi pa mpando wanga pankakhala ampulifaya yakuda, kukula kwake ngati njerwa, chitsulo cholimba mtima kuposa amuna ambiri amene ndawadziwa. Ndikanama pano ndisadzuke mawa.

Pa ukwati wa mwana wanga Patuma, jenereta ya anyamata a zoimbira inafa mkwati ali pakhomo. Azakhali a mkamwini, mayi wonyada wa ku boma, anandiloza ndi chala. "Bambo a Patuma, nyimbo ikaduka mkwati asanafike pampando, amenewo ndi malodza. Tibwerera naye mwana wathu." Patuma anandiyang'ana misozi ili lengelenge, ine mtima unandipweteka.

Ndinabweza minibasi mpaka pamsasa, n'kusonkhanitsa masipika a anyamata aja, a ku vidiyo, a kometera tsitsi, onse kuwamangirira pa waya umodzi wa ampulifaya yanga. Pa chitsulopo analembapo kuti osatsika pa maomu anayi, ndiwo muyeso wa katundu amene ingasenze, chifukwa ukamawonjezera masipika maomu amatsika, ndiye ampulifaya imakoka moto wambiri ku batire n'kumatentha. Anga anatsika pa awiri, pa imodzi, pa theka, mpaka analowa pansi, tinachita kuwafukula ndi khasu mawa lake. Mukumva?

Itangolira, mango anayoyoka m'mitengo yonse, ndipo mukudziwa mmene amayendera mkwati kwathu kuno, phazi limodzi kutsogolo awiri m'mbuyo, anamkungwi akumuletsa kufulumira, uku mpando wanga ukufuka utsi, utoto wa minibasi ukuyenderera pansi, amayi anatereka mphika wa mpunga pamwamba pa ampulifaya, mpungawo n'kupsa nyimbo isanafike pakati, ine ndinathamangira ayezi wa ogulitsa chambo n'kumuunjika m'mbali mwake, ayeziyo n'kusanduka nthunzi, nthunzi n'kukhala mtambo, mtambo n'kukagwetsa mvula ku Malengachanzi mu Okutobala, anthu n'kuwokera mpunga tsiku lomwelo! Ndinazula mipando yonse kuti mphepo idutse, amayi anaima pamzere kukupiza ndi malichero, mphepo yake inabweza mwera panyanja, asodzi akundithokozabe mpaka pano.

Patuma atatsala pang'ono kufika, kagetsi kofiira kanayamba kuphethira, kutanthauza kuti ampulifaya ikufuna kudzizimitsa isapse. Azakhali aja anali atanyamula kale chikwama. Ndinagwada, ndevu zikuwauka, ndinati, "Mayi wanga, pirira. Mwana uyu ndilibe wina." Inandimvera, abale anga! Kagetsi kaja kanathima, mkokomo unakwera, Patuma anakhala pampando nyimbo ikugundabe, azakhali aja n'kuponya chikwama uko n'kulowa m'bwalo kuvina kuposa tonse. Chitsulo chotero sadzapanganso.

Koma kuzizira ndiye inakana. Sabata yonse nkhuku zinkaikira mazira owiritsa kale, mpaka ndinaikweza pa ngolo n'kukaikwirira mwaulemu ku kasupe wa Mawira, kufupi ndi boma. Pitani mukaviike chala m'madzi a pamenepo, mukabwere mudzanditsutse. Mukuti agogo anu anawapeza akutentha kale madzi aja? Kodi agogo anuwo anali ndi ampulifaya?