Zikomo Pochotsa Ntchito Mayi Amene Anatizimitsira Ukwati

Kwa Olemekezeka Bwana Wamkulu wa kampani imene inagula Kanema Nambala 9,
kumaofesi anu a mphepo yabwino ku Florida.

...ndiye nkhunzi ija itaona nkhope yake pagalasi la kamera, inayesa kwabwera inzake yofuna ndewu. Ine chingwe ndinagwira ndi dzanja limodzi, Bwana, chifukwa linalo ndinkabayibitsa anthu kunyumba. Dera lonse linaona kunsi kwa nsapato zanga, kenako denga, kenako Mayi Lavonne Ostrander ali chilili pamwamba pa tebulo, akupitiriza kuwerenga mitengo ya ng'ombe ngati palibe chachitika. Nkhunziyo inagulidwa tsiku lomwelo. Anthu ankati ng'ombe yokoka Orval Pokorny si ng'ombe wamba.

Pepani, ndayambira pakati. Nkhaniyi ndimaikamba m'mawa uliwonse komwera khofi, ndiye cholembera changoiyamba chokha. Moni Bwana. Orval Pokorny wake ndine, woweta ng'ombe wa kuno ku Marlow Flats, kumadzulo kwa Nebraska. Sukulu ndinalekeza msanga aphunzitsi atasowa china choti andiphunzitse, choncho mukapeza polakwika m'kalata muno mudziwe kuti ndi magalasi anu. Ndalemba kuti ndithokoze. Anzanga akuti ndikutukwaneni, koma ine ndinaleredwa bwino.

Poti munagula kanemayu osabwera kudzamuona, ndikuuzeniko chimene munagula. Anamuyambitsa ndi malemu Elmer Dubsky mu 1957. Mkuluyo ankagulitsa mathirakitala, ndiye tsiku lina anaoda mabokosi a kanema lole yathunthu, atafika nawo m'pamene anakumbuka kuti kuno kulibe choonera. M'malo mowabweza, anagula nyumba yoswetsera anapiye n'kuisandutsa situdiyo. Mpaka lero kukatentha mumamveka kafungo. Zitsulo za nsanja youlutsira kanema anakoka ndi abambo anga ndi anzawo, ndipo chomaliza cha pamwamba ndinakweza ndine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, nditachiluma ndi mano. Masewero a kanema wamkulu wa ku New York ankabwera pa basi m'zitini, mochedwa, moti Khirisimasi ya pakanema tinkadya mu Januwale. Palibe ankadandaula. Tinkadya kawiri.

Kenako zinayamba kubwera pawaya, nthawi yomweyo, ndipo mgwirizano unali wosavuta: a ku New York atipatse masewero, mpira ndi nkhani za dziko, ife tiikemo zathu masana. Zathuzo anali Mayi Lavonne. Maliro, mitengo ya kumsika wa ng'ombe, galu wosowa, sukulu yotsekedwa, zanyengo, zonse pakamwa pamodzi. Tsopano ndiyambe kuthokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mnyamata wa zanyengo amene munatipatsa m'malo mwawo. Mano ake, Bwana! Akaseka, nkhuku zanga zimatsika pachisa kuyesa kwacha. Ndamva kuti amajambula zanyengo za matauni makumi angapo m'mawa umodzi ali komweko kwanu, kenako n'kupita kukasambira. Mwana wolimbikira. Pamapu ake tauni yathu amailoza ili ku dera lina, ku South Dakota, koma sitikwiya, ambiri a ife tinkafunitsitsa kuyendako.

Musandimve molakwa, Mayi Lavonne sanali mneneri. Ankalakwitsa kwambiri. Chaka china analonjeza mvula chilimwe chonse, ife n'kumangomeza fumbi. Zanyengo zawo zinali kuimbira foni akazi a kumafamu a kumadzulo n'kufunsa kuti kumwamba kukuoneka bwanji, basi. Kungoti ankati akalakwitsa tinkawapeza kugolosale pa shelefu ya ufa n'kuwauza, iwo n'kutiyankha zotisowetsa tulo. Mnyamata wanuyu mwatipulumutsa ku zonsezo. Amalakwitsa mwaulemu, ali kutali.

Chachiwiri, zikomo pochotsa kabatani kofiira. Mwina simukukadziwa, popeza anadzakazula ndi amisiri anu. Kanali pa tebulo la Mayi Lavonne, ndipo akakadina, za ku New York zinkaduka, nkhope yawo n'kutulukira. Ankatha kudula nduna ili pakati pa mawu n'kunena kuti, "Anthuni, masana paja ndinakunamizani. Kukubwera chipale chofewa. Amene matole ake ali kutchire anyamuke pampandopo. Delmer Haugen, ndikunena iwe." Delmer ndi mnansi wanga, ulesi wake ndi wa m'magazi. Inu munaona kuti n'kupanda mwambo kudula anthu a ku New York akulankhula. Zoona. Ng'ombe n'chiyani pamaso pa munthu wotsatsa sopo wa tsitsi? Munalamula kuti wofuna kudula aziyamba wapempha kwanu, pa nambala ija imene imayankhidwa ndi nyimbo.

Chachitatu ndi chachitali, mukhale pansi.

Kuno ng'ombe zimaswa mu Malichi ndi Epulo, kutchire. Thole likabadwa limakhala lonyowa, ndipo chimphepo cha chipale chofewa chikalipeza lisanaume, simulipezanso mpaka chipale chitasungunuka. Limenelo ndiye dola yathu ya chaka chonse, Bwana, yoyenda ndi miyendo inayi yonjenjemera.

Lachinayi lina la mu Epulo wa chaka chino kunacha bwino. Mnyamata wanu anati dzuwa mpaka Lamlungu, tikawotche nyama panja. Masana pakanema panali sewero lachikondi la ku New York, tsiku la ukwati wa mtsikana wa tsitsi lofiira ndi dokotala amene anamwalirapo kawiri. Dera lonse lakhala likudikira ukwati umenewu kuyambira ana anga ali m'matewera. Ine zoterezi sindionera. Ndinali panja kumanga waya waminga ndi manja osavala kanthu, amene anali pampando ndi mkazi wanga Darlene.

Nthawi imeneyo n'kuti Mayi Lavonne, amene munawasiyira ntchito yoyankha foni ndi kuthirira maluwa, atalandira mafoni ochokera kumadzulo. Kumeneko kunali kutada kale, mphepo ikugwetsa zitseko za makola. Anaimba nambala yanu. Akuti nyimbo yake ndi yokoma, anaimvera mpaka anailoweza. Kabatani palibe. Ndiye mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, wa bondo lovuta, anatuluka, nakwera kaphiri ka kuseri kumene kuli nsanja, nalowa m'kanyumba ka makina, n'kugwetsa chozimitsira magetsi chachikulu.

Wansembe anali atangofunsa kuti, "Kodi ukumulola mwamunayu?" Mtsikana n'kutsegula pakamwa. Phi! Mdima pakanema m'nyumba zonse kuchokera kuno mpaka kumalire a Wyoming.

Bwana, simunamvepo dera lathu litakwiya. Mafoni a pa situdiyo analira mpaka anatuluka thukuta. Anaimba ndi agogo a kunyumba yosungira okalamba, abusa a mipingo yonse itatu, ngakhale Delmer, amene kuti anyamule foni amayamba wapuma. Aliyense ankayamba ndi chipongwe, ndipo aliyense ankalandira yankho limodzi kwa Mayi Lavonne: "Watha? Chipale chifika dzuwa lisanalowe. Kalowetse matole m'khola, ndipo uuze wa pafupi nawe." N'kudula, n'kuyankha wina.

Tinathamanga. Ine ndinanyamula matole awiriawiri kukhwapa, lina pakhosi. Ena ndinawaika kutsogolo kwa galimoto, ena kubafa, limodzi linagona pa bedi la apongozi ndipo linkaoneka bwino kuposa mwini bedi. Mphepo itafika inandivula jekete n'kundisiyira malaya a m'kati, mabatani onse ali chimangire. Chipale chinakwirira mipanda. Ena anataya matole, sindinama, makamaka a kumadzulo amene chinawayambirira. Koma ambiri tinapulumutsa. Kanema atayakanso, mnyamata wanu anali pomwepo ndi mano ake, akutikumbutsa mafuta odzola a padzuwa.

Chachinayi, ndipo apa ndavula chipewa: zikomo kuti Mayi Lavonne mwawachotsa ntchito kutha kwa mwezi uno. Mwati anaphwanya mgwirizano ndi a ku New York, ndipo otsatsa malonda anadandaula. Ndikumvetsa. Munthu wotere ndi woopsa. Mukamusiya, mawa adzazimitsa mpira chifukwa choti sukulu ikupsa. Iwo sakudandaula, n'chifukwa chake ndalemba ine. Ndinawapeza akulongedza makapu awo m'katoni, ndipo nditati ndilembera Bwana Wamkulu anati, "Iwe Orval, ulembe chiyani, dzina lako lomwe umalemba mosiyana tsiku lililonse? Gwira katoniyi, usagwetse." Mwaona mwano wake? Munachita bwino.

Chongotsala n'chakuti Epulo amabwera chaka chilichonse. Ndafufuza, akuti ngakhale kampani yanu singamuchotse ntchito.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono, Bwana, lochokera pansi pa mtima wa munthu wosaphunzira. Sindikuti muwabwezere ntchito, ndine yani ine. Kabatani kajanso khalani nako, mwina mumaitanira tiyi. Ndikungopempha nambala ya foni ya kunyumba kwanu, yeniyeni, imene imalira pafupi ndi pilo wanu. Ndiimata pa chitseko cha kumsika wa ng'ombe, kugolosale ndi kumatchalitchi onse atatu. Kumadzulo kukada, akazi a kumafamu aziimbira inu. Tikafuna kudziwa ngati tilowetse matole, tiziimbira inu. Mukalakwitsa, tiziimbiranso inu, tonse, mmodzimmodzi, monga tinazolowera. Ntchito yake si yovuta. Mayi wa bondo limodzi waigwira zaka zonsezi, ndiye inu a masukulu ambiri mungoimwa ngati madzi.

Ine wanu wodzichepetsa kuposa onse m'dera lino, ndipo funsani aliyense akuuzani,

Orval Pokorny
Marlow Flats, Nebraska

Ndisanamate envelopu: Darlene wawerenga, ndipo akuti sindidya makeke ake a kolache mpaka ndikonze bodza limodzi. Chabwino. Lachinayi lija sindinali pa waya waminga. Iye ndiye anali panja. Pampando ndinali ine, ndi kansalu kopukutira misozi, ndipo woyamba kuimba foni m'dera lonse ndinali ine. Ndinawatchula Mayi Lavonne mayina amene sindingalembe kwa munthu wolemekezeka ngati inu. Anandilola kumaliza onse, kenako anati, "Mwamuna wamkulu ngati iwe kulirira dokotala. Pita ukatole matole ako, chitsiru iwe." Matolewo ali panja pano, anenepa, akundiyang'ana pa zenera. Nambala ija mutumize Malichi asanafike.