Mbale ya a Layisoni ndi Thewera la Tadala

Linali Lachisanu, cha m'ma hafu pasiti thwelofu masana, pamene ine, munthu amene ngakhale kutchalitchi ndimakhala benchi ya kumbuyo kwenikweni, ndinadziwika ndi msika wonse. Mpaka lero ndikamadutsa pa azimayi ogulitsa tomato ndimayang'ana pansi ngati ndataya singano.

Ndiyambe ndi chimene chinanditengera kumeneko. Amuna anga ali ku Joni. Anachoka ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndiye mwana wathu Tadala ankangomudziwira pazithunzi. Tsono pali alamu anga, mlongo wawo wa amuna angawo, amene anakwatiwa m'mudzi mwathu momwe muno, kufupi ndi Kasinje. Alamuwa pakamwa sawaposa munthu. Anawauza achimwene awo pafoni kuti mwana wawonda, nthiti zikuchita kuwerengeka, ndipo ine ndikungodzidyetsa ndekha. Apongozi ku Bwanje atamva anati basi, mwanayo asiye kuyamwa apite kwa iwo, azikamudyetsa phala la mpunga. Mwana wa miyezi khumi!

Ndinatumiza chithunzi. Alamu anati n'chakale. Pamenepo amuna anga anati, "Amake Tadala, ine sindifuna milandu. Lachisanu pa nkhomaliro amatipatsa mphindi makumi atatu. Mundiimbire ya vidiyo, ndimuone ndi maso angawa. Akakhala woonda, apita kwa amayi."

Sindinachite mantha, chifukwa mwana wanga ndimamubereka ndine, ndipo msana wanga ndiwo umadziwa zoona. Vuto linali loti vidiyoyo ndiimbira pati. Kwathu kuno netiweki ya foni imapezeka malo amodzi okha, pachulu chachikulu cha m'munda mwa a Nambewe. Ukakwera pamwamba n'kukweza dzanja kuloza kumapiri, uthenga umapita. Chithunzi chimapitanso, ukadikira mpaka mwendo kuchita dzanzi. Koma vidiyo, iwalani. Ndiye aliyense anandiuza za a Layisoni, eni golosale ya pamsika, amene anagula intaneti yochokera kumwamba, pa setilaiti. Ankati imeneyo siona phiri kapena chigwa, imathamanga ngati minibasi yothawa apolisi.

Nditazindikira kuti Lachisanu ndi tsiku la msika, ndinasangalala (apa m'pamene ndinayambira kulakwitsa). Munthu wamanyazi amakonda chigulu, chifukwa m'chigulu palibe amene amakuona. Ndinati ndikabisala pakati pa anthu, ndiimbe mwakachetechete, ndibwerere. Sindinkadziwa kuti intaneti ili ngati mjigo, ndowa zikachuluka aliyense amatunga madontho.

Tsikulo Tadala ndinamusambitsa kawiri, ndinamudzoza mafuta mpaka kunyezimira ngati chitumbuwa, n'kumuveka kasuti kamene bambo ake anatumiza. Tinakwera kabaza. Pofika pagolosale, ndinapeza khonde lonse lili thithithi. Anyamata anaunjikana magulumagulu kuonera mpira pamafoni, aphunzitsi ena ankalimbana ndi kompyuta yawo pamaondo, ogula mbatata ankakambirana mitengo ndi a ku Blantyre, ndipo agogo ena anatsegula ulaliki mokweza.

A Layisoni anandipatsa kapepala ka manambala osakanikirana ndi zilembo. Ataona mmene ndinkakayang'anira (sukulu ndinalekezera Sitandade 5, musandiseke), anatenga foni n'kulowetsa okha.

"Ithamanga?" ndinafunsa chapansipansi.

"Mayi, mukanabwera m'mawa, imachita kuuluka. Panopa tachuluka. Ndipo si ife tokha, kumwambako timatunga pamodzi ndi a ku Boma ndi ena akutali. Onse akatsegula nthawi imodzi, imakwawa."

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Mumtima ndinkati awa akungofuna kudzikometsa.

Nthawi itakwana ndinaima pakona, pafupi ndi matumba a mchere, n'kuimba. Kanthu kozungulira ka pafoni kanazungulira. Kanazunguliranso. Kenako nkhope ya amuna anga inatulukira ili timabokosi tokhatokha, ngati khoma la njerwa, n'kuuma pakamwa pali yasa.

"Muli bwanji, bambo a Tadala?" ndinanong'ona.

Zii. Patapita nthawi mawu anafika okha, nkhope isanayende: "Halo? Halo? Sindikumva!"

Agogo a ulaliki aja anandigwira pamkono. "Kwezani mawu, mwana wanga, ku Joni n'kutali."

Ndinakweza. Anthu atatu anacheuka. Ndinamasula Tadala kumsana n'kumuonetsa pafoni. Ndinadikira kuti bambo ake aseke. M'malo mwake ndinamva, mawu akuduladula: "Ndikuona... chinthu chachitali... ngati nzimbe. Ameneyo ndi mwana?"

Intaneti ya a Layisoni inali itamukoka mwana wanga m'litali.

"Ndiye kuti... mlongo wanga... amanena zoona?"

Foni inaduka. Mphindi khumi zinali zitapita.

Apa ndinaganiza mwachangu, ndipo ndinadziona wanzeru kwabasi. Ndinati ngati chinthuchi chili ngati mjigo, ndiye amene ali pafupi ndi mpopi ndiye amayamba kutunga. Ndinatuluka panja, ndinayang'ana padenga, ndinaona mbale yozungulira cha kumbuyo kwa nyumba. Ndinazungulira kuseri n'kukaima pansi pake penipeni. Kunalibe munthu, kunali nkhuku imodzi yokha. Ndinadziyamikira kuti ndapeza zonse ziwiri, intaneti ndi mtendere.

Ndinaimbanso, ndipo nkhope inayamba kuyendako pang'ono. Nthawi yomweyo ndinamva kutentha pamkono. Tadala anali atakodza, thewera lonse litanyowa, mpaka kasuti kaja. Sindinadandaule. Ndinati zakhala bwino, ndimuvule, bambo ake aone thupi lonse, awerenge okha nthitizo ngati azipeze.

Koma dzanja limodzi foni, lina mwana, ndimuika pati? Pafupi pomwepo panali kathandala kofika m'chiuno, ndipo pamwamba pake panali chinthu choyera, chafulati, cha makona anayi, chopendekera pang'ono. Anachizunguliza ndi minga, koma ndinati n'zoopsezera mbuzi. Ndinachigwira, chinali chofundira bwino, chopanda ndi fumbi lomwe. Ndinati ili ndi tebulo lothyoka miyendo. Ndinakankha minga ndi phazi, ndinayanika thewera mbali imodzi kuti liume, mbali inayo ndinakhazikapo Tadala, ndikumugwira kumsana. Kumbuyo kwake kunali mbee, ngati kwa ojambula zithunzi a ku Boma. Ndinakweza foni monyadira.

"Bambo a Tadala, onani mwana wanu!"

Foni inauma gwa.

Kukhonde kunamveka mkuwe ngati pagwa maliro. "Aaaa! Yapita! A Layisoni, yapita! Penate imeneyi, anthu inu!" (Ndinamva pambuyo pake kuti womenya anali atayamba kale kuthamangira mpira.) Ulaliki unasiya. Aphunzitsi ankafuula kuti zimene amatumiza zinatsala pang'ono kutha. Ine kuseriko ndinathandizira kudandaula. Ndinachita kunena mokweza kuti, "Intaneti yabodza iyi, kungotitayitsa nthawi." Tadala ankamenya tebulo lake ndi zikhatho, phaphapha, akuseka.

Ndinamva a Layisoni akuzimitsa ndi kuyatsa zinthu mkatimo. Kenako ndinamva mapazi. Osati a munthu mmodzi. Anatulukira pakona, kumbuyo kwawo anyamata a mpira, aphunzitsi, ogula mbatata, agogo aja, ndi azimayi a tomato amene anangotsatira kuti aone kwachitika chiyani. Onse anaima. Nkhuku ija inathawa.

"Mayi," anatero a Layisoni. "Mayi inu. Mukudziwa chimene mwakhazikapo mwanayo?"

"Si tebulo?"

"Imeneyo ndiye mbale ya intaneti!"

"Mbale si iyo ili padengayo?"

"Iyo ndi ya TV! Inafa kalekale, mumaikira mpheta!"

Chiseko chimene chinabuka sindidzachiiwala. Mnyamata wina anakhala pansi m'fumbi, atagwira mimba. Wina anati, "Setilaiti yonse kumwambako ikuona matako a mwana!" Ndinamunyamula Tadala msangamsanga. A Layisoni anatola kamtengo n'kuchotsa thewera ngati akuchotsa njoka, kenako anapukuta mbale yawo ndi malaya amene anavala. Ine ndinkalakalaka nditasanduka nkhuku ija. Ndinayang'ana nthawi, zinatsala mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndinati basi, mwana wanga wapita ku Bwanje, ndipo ndamutumiza ndine.

Koma tamverani zimene zinachitika. Anthu onse aja anali atazimitsa mafoni awo n'kuika m'matumba, chifukwa ine ndinali wosangalatsa kuposa mpira. Mbale itadzuka, pamjigo panali ndowa imodzi yokha, yanga. Foni inalira m'manja mwanga. Ndinadina osaganiza. Nkhope ya amuna anga inatulukira yoyera bwino, mpaka ndinaona thukuta pamphuno ndi ndevu zimene sanamete. Chaka chathunthu ndisanawaone choncho.

A Layisoni sanaone zimenezo. Anali atawerama kuyang'ana kachitsulo kogwira mbale, ndipo anadzuka akukalipa.

"Taonani! Mwendo wake wapindika! Chimwana cholemera ngati thumba la mbatata mukuchikhazika pambale yanga? Mumachidyetsa chiyani? Makilo angati ameneyu?"

Sindidziwa mawu anachokera kuti, koma ndinayankha mokweza, msika wonse ukumva: "Naini ndi hafu! Kusikelo anamuyeza Lachiwiri!"

"Naini ndi hafu pambale yanga!"

Pafoni panamveka mawu. "Amake Tadala, kwagwanji kumeneko? Anthu onsewo ndani? Dikirani... ameneyo ndi Tadala?"

Mayi wina wa tomato, amene sindimudziwa n'komwe, anandilanda foni. "Bambo, ndinu eni mwana? Taonani kuno." Anayamba kumuonetsa Tadala ngati mbuzi ya pamsika. "Ntchafu izi. Mikono iyi, mizere itatuitatu. Khosi musalifune, palibe, mutu unangokhala pamapewa. Mutembenuzeni, mayi, aone kumbuyo."

Ndinamutembenuza. Ine, pamaso pa anthu makumi atatu.

Amuna anga anayamba kuseka, n'kumapukuta m'maso ndi chipewa cha kuntchito. Tadala anatambasula dzanja kufuna kugwira nkhopeyo.

"Achimwene a golosale," anaitana amuna anga, "mwati wapinda chitsulo?"

"Wapinda, bambo! Bwerani mudzaone!"

"Ndiye ndi mwana wanga ameneyo. Amake Tadala, mwana sapita kulikonse. Amayi ndiwaimbira ndekha."

Atangotero, anyamata aja anakumbukira penate yawo. Mafoni anatuluka m'matumba, ndipo amuna anga anasandukanso njerwa, anauma akuseka.

A Layisoni anawongola kachitsulo kaja ndi mwala, ndipo mbale ikugwira ntchito mpaka lero. Sanandilipiritse kanthu, koma anamanga mpanda wa waya wofika m'khosi, ndipo akandiona ndikubwera amatuluka n'kukaima pakona. Pamsika dzina langa linasintha, ndine Amake Setilaiti. Ndinaphunzirapo kuti chinthu chozunguliridwa ndi minga chimakhala ndi mwini wake, ndiponso kuti wofuna intaneti ya kumwamba azilawirira m'mawa, anthu asanachuluke. Zoti munthu wamanyazi angabisale m'chigulu, ndinasiya kukhulupirira.

M'mawa mwake ndinabereka Tadala n'kupita kuchulu cha a Nambewe, kuti nditumize chithunzi cha buku la kusikelo, apongozi nawo aonetsedwe. Pamwamba pachulu ndinapezapo munthu, dzanja lili m'mwamba kuloza kumapiri. Anali alamu. Tinapatsana moni mwaulemu wonse. Masiku ena ndikanabwerera pomwepo, koma tsikulo ndinakwera.

"Alamu, tandigwirirani mwanayu nditumize chithunzi. Savuta, paja ndi wopepuka."

Anamulandira. Kanthu kozungulira kanayamba kuzungulira, pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Alamu anamunyamula kudzanja lamanja. Anamusinthira kumanzere. Anamukhazika m'chiuno. Thukuta linayamba kutsika, chikhalirecho dzuwa linali lisanawawe.

"Sichinapitebe, alamu?" anafunsa akupuma mwabefu.

Ndinayang'ana pafoni. Chithunzi chinali chitapita kalekale.

"Netiweki ya kumudzi, alamu," ndinatero, dzanja lili m'mwamba. "Tidikire pang'ono."