Tsiku limene ndinadula nkhata ya apongozi

Nkhani iyi ana anga amaikonda, koma ine ndikangoiyamba paliwombo pamayabwa. Imvani mmene masamu anatsala pang'ono kundithetsera banja.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa kusekondale ku Petauke, masiku a chipani chimodzi, sopo ndi shuga tikuchita kuimira pamzere. Ndinkachitanso digiri ya pakalata. Teremu imeneyo ku Lusaka anatitumizira buku la zinthu zopindika zimene amati complex manifolds. Zilembo zake zinali ngati popalasa nkhuku: g wokhala ndi tiana tiwiri kumapazi, z wina wovala kamzere pamutu, wina wopanda. Zonsezo akuti ndi metric, lamulo loyezera mtunda. Bukulo linkanenetsa kuti njira imodzi yomweyo itha kutalika kapena kufupika malinga ndi lamulo limene ukuyezera. Ine ndinkati limeneli ndi bodza la anthu okhuta.

Asainimenti inali ya torus, chinthu chooneka ngati chubu cha njinga. Akuti ukachidula bwino chimayalika ngati mphasa. Ndinayesa kuchiona m'mutu, osatheka. Chubu changa sindikanachidula, chifukwa m'masitolo munalibe china.

Loweruka lina apongozi, amayi ake a mkazi wanga Esinala, anafika kuchokera ku Nyampande atasenza dengu la maungu. Anatula, nkhata yawo ya udzu n'kuiika pansi, n'kukhala pamphasa chondipatsa mbali monga mwa ulemu. Ine maso ali pa nkhata. Torus weniweni wadzibweretsa yekha pakhomo!

Mudziwe kuti ine ndinakulira m'komboni ya njanji ku Kabwe, ndipo miyambo ya kumudzi ndinkangoimvera patali. Ndinatola nkhata ija, mpeni m'manja, n'kuidula pamaso pawo pomwepo. Sinayalike n'komwe, inangomwazika udzu wokhawokha. Komabe ndinamwetulira, poti munthu ndinali pa kafukufuku.

Apongozi anadzuka, anasenza dengu lawo pamutu popanda kanthu, ulendo. Esinala atatuluka m'khitchini n'kuona udzu uja, anakhala pansi.

"A Mwale, newo nalakwa chinji?" anandifunsa.

Ndinamuuza kuti palibe chimene walakwa, kungoti ndinakhala ndikufuna kuchita zimenezi kwa nthawi yaitali, mpata ndi umene unkasowa. Apo analira ngati pamaliro, anabereka mwana n'kulondola amayi ake.

Anandimasulira ndi a Lungu, mphunzitsi mnzanga woyandikana naye nyumba. Anati kuno munthu akadula nkhata pamaso pa mnzake ndiye kuti chibale chatha, ndipo pamaso pa mpongozi ndiye kuti wabweza mkazi. Esinala ndinkamukonda kwambiri, ndipo ndinachita mantha kuti sabweranso.

M'mawa mwake ndinali ku Nyampande, nditanyonyomala pansi pa mtengo wa mango. Mlandu ankaweruza ndi a Tembo, amalume ake a Esinala. Tcheyamani wa chipani nayenso analipo, poti masiku amenewo ngakhale nkhuku sinkaikira iye osadziwa. Apongozi anakhala cha uko ndi amayi anzawo.

M'malo mongopepesa, uphunzitsi unandigwira. Ndinatola kamtengo n'kuyamba kulemba pamchenga g uja ndi tiana take, ndi z wovala kamzere. Tcheyamani anawerama, n'kufunsa modekha ngati zilembozo sizikuchokera kutsidya kwa malire. Ndinalumbira kuti n'za ku Lusaka konkuno.

Nditaona kuti kalasi sikumva, ndinachita zimene mphunzitsi aliyense amachita, kufuna chitsanzo. Akazi awo a Tembo anali atangotula ndowa ya madzi pafupi nane. Ndinatola nkhata yawo, dzanja linalo likupita m'thumba momwe munali mpeni.

A Tembo anandigwira mkono.

"Aphunzitsi, mailo mwadula ya mlongo wanga. Lelo mufuna kunichotsela na mkazi wanga?"

Bwalo lonse linafa ndi phwete, ngakhale Esinala amene maso anali otupa. Kusekako ndiye kunandipulumutsa. A Tembo anagamula kuti mkamwiniyu alibe mtima woipa, koma sukulu inamulowa udyo.

Apongozi anatumiza mawu kudzera mwa achimwene awo a Tembo, poti ine sakanandiuza mwachindunji. Anati mkazi nditenge, maungu nawonso ndi anga, koma dengulo ndisenze ndekha mpaka pamsewu wokwerera basi. Nkhata asandipatse, popeza ndaonetsa kuti sindiifuna.

Njira imeneyo ndinkaidziwa, ndipo nthawi zonse ndinkaiyenda ndikuimba likhweru. Tsiku limenelo inakana kutha. Dengu linkandiboola paliwombo, khosi linalowa m'mapewa, ndipo ana a sukulu amene anali kwawo pa wikendi ankandipatsa moni mwaulemu wonse, "Good morning, sir!"

Esinala ankabwera pambuyo, mwana kumsana, akuyenda mwachifatse. Titafika pamtsinje anafunsa ngati ndikufuna kupumula, poti ine ndemwe ndinkanena kuti kumsewu m'pafupi.

"Buku lija silinaname," ndinatero misozi ili m'maso. "Njira yatalikadi."

Amene akuti mtunda susintha, sanauyezepo ndi liwombo lake.