Nkhondo ya Mpando wa Pakhonde la kwa Chidazi

M'chaka chimene akuluakulu a mzinda anagwidwa ndi nthenda yosintha mayina, pamene misewu inkagona ndi dzina lina ndi kudzuka ndi lina, pamene nyumba yoonetsera kanema inasanduka nyumba ya mapemphero ndipo banki yakale inayamba kugulitsa mankhwala a chifuwa, pamenenso olemba zikwangwani ananenepa mpaka kuboola mabowo atsopano m'malamba awo, munabuka nkhondo yoopsa pakhonde la sitolo ina ya buledi, nkhondo imene mbiri yake siyenera kukambidwa ndi munthu woimirira kapena wofulumira.

Ngwazi ya nkhondoyo inali nkhalamba imene msewu wonse unkaitcha a Mkhalapakhonde, Mwini Mthunzi, Chipilala Chosasuntha, iwo amene anayendetsa basi mpaka basiyo inakalamba ndi kuwasiya akadali olimba. Chipumireni pantchito, ufumu wawo unali mpando wamatabwa umene mwendo wake umodzi unkatsamira pa njerwa. Pampando umenewo ankalandira moni wa odutsa, kuweruza mayendetsedwe a galimoto iliyonse, ndi kudziwa amene wakwatira ndi amene wathawidwa. Akazi awo atamwalira, msewu ndiwo unatsala wocheza nawo, ndipo msewuwo unkaoneka bwino pamalo amodzi okha, pakhonde pomwepo.

Lilime la ngwaziyi silinkamva za kusintha. Msewu umene akuluakulu anaupatsa dzina loti Msewu wa Chitukuko, kwa iwo unali Msewu wa Fumbi. Anthu akamatuluka m'nyumba ya mapemphero atanyowa ndi thukuta la kuimba, ankawafunsa mwaulemu ngati kanema wa lero anali wabwino. Akamakagula mankhwala a msana ankalengeza kuti apita ku banki, ndipo pobwera ankadabwa kupeza abale akuwadikira ndi nkhope zachikondi. Mwana wawo weniweni, amene anakwezedwa pantchito ndi kupatsidwa udindo wa dzina lalitali losakwana pachitseko, kwa bambo ake anali Kalaliki basi.

Sitolo ya buledi ija poyamba inali ya bwenzi la a Mkhalapakhonde, bambo wa mutu wonyezimira wotchedwa Chidazi, amene atatopa ndi uvuni anaigulitsa napita kukaweta nkhuku kutali. Amene anaigula sanali mlendo. Anali mpongozi wawo wa a Mkhalapakhonde, mkazi wa Kalaliki, Make Mapasa, Mkandaufa, Wodzutsa Tambala, mayi amene kwa zaka zambiri anaphika buledi m'khitchini yopapatiza ndi kumusenza pamutu kupita naye kumsika mpaka anapeza sitolo yakeyake. Iye anaitana wolemba zikwangwani, ndipo pamwamba pa chitseko panakwera chikwangwani chachikasu chokhala ndi dzuwa lotuluka ndi dzina limodzi lalikulu: Mbandakucha. Anthu anawomba m'manja, anadya buledi waulere, kenako anabwerera kwawo kukasimba kuti kwa Chidazi apakako utoto.

Make Mapasa anapirira zonsezo monga apiririra munthu nsapato yothina, kufikira tsiku limene kunabwera wophika wa pasukulu ina yogonera konko, atatumidwa kukapeza sitolo yoti izipereka buledi wa ana onse. Munthuyo anaima pansi penipeni pa chikwangwani, dzuwa likumuthobwa m'maso, nafunsa nkhalamba ya pampando ngati ku Mbandakucha kunali komweko. A Mkhalapakhonde analingalira mofatsa, monga munthu wosafuna kusokeretsa mlendo, ndipo anayankha kuti kuno n'kwa Chidazi, Mbandakuchayo akafunse cha kutsogolo. Wophika uja anathokoza, napita kutsogolo, ndipo kutsogoloko anapezadi sitolo ina ya buledi.

Mbiriyo itamufika, Make Mapasa anavula epuloni, anapukuta manja ake pang'onopang'ono ngati msilikali wopukuta lupanga, natuluka kukaima pamaso pa mpando.

"Bambo," anatero, "ine sindingakukalipireni, pakuti munandiberekera mwamuna, ndipo ana anga anatenga mphuno yanu. Koma a Chidazi sakanda ufa muno, a Chidazi sapsa zala muno, a Chidazi ali ndi nkhuku zawo. Amene amadzuka nyenyezi zikadali kumwamba ndine. Kodi ndichite kumeta mpala kuti mudziwe kuti sitolo ino ili ndi mwini wake?"

A Mkhalapakhonde anakonza kolala ya jekete lawo nayankha ndi mawu a munthu wolankhula ku mibadwo yam'tsogolo. "Mwana wanga, madzi saiwala khwawa. Lilime langali ndi basi yakale, limaima pamene lakhala likuima, kaya pali chikwangwani kaya palibe."

"Basi yakale amaiimika kuseri, Bambo," anatero Make Mapasa. Ndipo analamula, anthu ogula akumva, kuti dzina la Chidazi likadzatulukanso pakamwa pawo, mpando udzachoka pakhonde ndi kukakhala kuseri kwa sitolo.

Kalaliki anaitanidwa kuti aweruze. Iye, podziwa kuti njovu ziwiri zikamamenyana wovutika ndi udzu, ananena kuti bambo ake akunena zoona ndipo mkazi wake sakunama, kenako anakumbukira kuti ku ofesi kuli ntchito yofulumira, ngakhale linali tsiku limene ofesiyo satsegula.

Pamenepo inayamba nyengo ya nkhondo yobisalirana. A Mkhalapakhonde, pokhala katswiri wodziwa njira zachidule, anasiyadi kutchula dzina loletsedwa. Munthu akawafunsa kuti kuno n'kuti, ankangovula chipewa ndi kusisita pamutu pawo mozungulira, kapena kuyankha kuti n'kwa uja sankagula chipeso. Msewu wonse unaphunzira chizindikirocho, mwakuti amayi potuma ana kukagula buledi ankangosisita pamutu. Make Mapasa anabwezera ndi zida zolemera. Anadinda dzina la Mbandakucha pa mapepala okulungira buledi, pa maepuloni, ngakhale pa chipewa chatsopano chimene anapereka kwa apongozi ake ngati mphatso. Nkhalamba inalandira chipewacho ndi manja awiri, inayamikira kufewa kwake, ndipo inachikhalira.

Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku lina Make Mapasa atapita kumsika, foni ya m'sitolo inalira, wantchito ali kuuvuni. A Mkhalapakhonde ananyamuka ndi ulemerero wa munthu wosiyiridwa ufumu, anainyamula, ndipo lilime lawo, basi yakale ija, linakaima pamene limaima. Anati kwa Chidazi kuno, tikuthandizeni chiyani. Kumbali inayo kunamveka mawu ofatsa a mpongozi wawo akufunsa ngati Bambo adzuka bwino.

Madzulo a tsiku lomwelo mpando unanyamulidwa, njerwa yake ikutsatira pambuyo, ndi kukaikidwa kuseri. Ha, ndani angasimbe ukapolo wa ngwazi? Kumeneko kunalibe msewu, kunalibe moni, kunalibe dalaivala woti adzudzulidwe. Kunali khoma losapaka utoto, migolo ya zinyalala, chitseko cha chipinda chosungiramo ufa, ndi mphaka wa diso limodzi amene sankayankha mafunso. Phokoso la msewu linkawafika ngati nkhani yokambidwa m'nyumba ya eni, ndipo tsiku lina anamva mabuleki akulira ndi anthu akukuwa, koma sanadziwe amene analakwa. Chimenechi chinawapweteka kuposa msana. Atakhala masiku angapo mu ukapolowo, anaimirira pamaso pa mphaka nalumbira kuti kuyambira tsiku limenelo adzatchula chinthu chilichonse ndi dzina lake latsopano, ngakhale denga litagwa, kuti dziko lione ngati mayina atsopanowo angasenze katundu.

Denga silinagwe. Chimene chinachitika n'chakuti m'mawa wina, galimoto itangotsitsa matumba a ufa ndi kuwasanjikiza mpaka kudenga, paipi yakale ya m'chipinda chosungiramo ufa inaphulika. A Mkhalapakhonde, pokhala mlonda yekhayo wa dera limenelo, anaona madzi akutuluka pansi pa chitseko ngati gulu la nkhondo lodzera kumbuyo. Analowa m'sitolo nalengeza, posamala mawu aliwonse, kuti ku Mbandakucha kwalowa mtsinje.

Make Mapasa anathamanga, anakulunga paipi ndi epuloni, koma madzi anaseka epuloniyo. Chotsekera madzi chinali chitadyedwa ndi dzimbiri ndipo chinakana kutembenuka. Anaimbira pulambala, wokonza mapaipi wina wachikulire amene nambala yake anamupatsa woyandikana naye, ndipo pulambalayo anavomera kubwera, nangofunsa kuti abwere kuti. Make Mapasa anati ku Mbandakucha. Pulambala anati dzinalo n'lokongola koma sakulidziwa. Anati pa Msewu wa Chitukuko. Pulambala anati iye wakalamba mumzindawo koma chitukuko sanakumane nacho pamsewu uliwonse. Anati moyang'anana ndi nyumba ya mapemphero, pafupi ndi sitolo ya mankhwala. Pulambala anadandaula kuti masiku ano nyumba za mapemphero ndi masitolo a mankhwala zachuluka kuposa mipopi.

Madzi anali atafika m'misomali ya kuphazi ndipo matumba apansi anayamba kuda. Make Mapasa anatembenukira kwa apongozi ake, nawapatsa foni, nawapempha kuti amulongosolere munthuyo njira monga akulu amalongosolerana. A Mkhalapakhonde anailandira, anatsuka kukhosi, ndipo ndi mawu omveka ngati a wowerenga nkhani pawailesi anauza pulambala kuti abwere ku Mbandakucha, pa Msewu wa Chitukuko, moyang'anana ndi nyumba ya mapemphero. Atatero anabweza foni nati iwo ndi munthu womvera malamulo a eni sitolo.

Apa mpamene panafika ola limene nkhondo zimaweruzidwa. Make Mapasa anayang'ana ufa wake, anayang'ana wantchito, anayang'ana ogula amene anali atadzaza pakhomo kudzaonerera chigumula, kenako anatembenukira kukhoma nanong'oneza m'foni. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pulambala uja khutu lake limodzi linali litapuma kale pantchito. Anapempha kuti mayi akweze mawu. Mayi anakweza pang'ono. Anapemphanso. Pamenepo Mkandaufa, Wodzutsa Tambala, Mwini Chikwangwani Chachikasu, anatseka maso nafuula, msewu wonse ukumva:

"Kwa Chidazi!"

"Osangonena bwanji, mayi?" anatero pulambala. "Ine ndili kuseri kwa Kanema pompa, ndikumwa tiyi."

Anafika foni isanazizire. Anagwada m'madzi, anamenya chotsekera ndi sipanala, ndipo mtsinje unauma. Matumba apansi anali atasanduka phala, koma ena onse anapulumuka.  Pa nthawi yonseyo a Mkhalapakhonde anangoima pakhomo akuyang'ana kudenga ndi nkhope ya munthu amene sanamve chilichonse.

Pulambala, pomanga paipi yatsopano, anamva mbiri yonse ya nkhondo kuchokera kwa wantchito, ndipo anaseka mpaka sipanala inagwera m'ndowa. Anauza Make Mapasa kuti asadandaule, pakuti Chidazi mwini wake anamenya nkhondo yomweyo ndipo anagonja. M'masiku a Chidazi palibe amene ankati kwa Chidazi. Aliyense ankati kwa Wanjinga, chifukwa nyumbayo isanakhale ya buledi munali munthu wokonza njinga. Ndipo amene ankatsogolera kunena zimenezo, pamaso pa Chidazi, akudya buledi wa Chidazi, anali dalaivala wina wa basi amene tsopano akuyang'ana kudenga. Ena amati tsitsi lotsala la Chidazi linathothoka ndi mkwiyo umenewo.

Make Mapasa anayang'ana apongozi ake nthawi yaitali. "Ndiye kuti, Bambo, dzina langa mudzalitchula ine nditachoka?"

"Dzina lili ngati nsapato, mwana wanga," inayankha nkhalamba. "Limayamba kukwana bwino mwini wake atatsala pang'ono kulitaya. Lakoli likadali lothina, koma ndi lachikopa chabwino."

Mayi uja anafuna kukwiya, koma kuseka kunamupeza poyamba, ndipo munthu amene waima m'phala la ufa mpaka m'akakolo sangasunge mkwiyo ndi ulemu nthawi imodzi.

Pangano la mtendere linakhazikitsidwa tsiku lomwelo, pulambala ali mboni ndipo mphaka akuimira mayiko osalowerera. Anagwirizana kuti mlendo aliyense wofunsa njira aziuzidwa mayina onse awiri, latsopano patsogolo, lakale pambuyo ngati ngolo, ndiponso kuti a Mkhalapakhonde asadzakhudzenso foni. Mpando unanyamulidwa pamapewa kuchokera ku ukapolo. Patsogolo pankayenda pulambala atakweza paipi yophulika ija ngati mbendera yolandidwa kwa adani, pambuyo pankabwera Kalaliki, amene anatulukira mwadzidzidzi nkhondo itatha, atanyamula njerwa ndi manja awiri ndi kuuza aliyense kuti mtenderewo anaukonza ndi iye. Ngwazi inakhala pampando wake, inavala chipewa cha Mbandakucha chophwanyika ndi kukhaliridwa, ndipo inadzudzula galimoto yoyamba imene inadutsa. M'mawa mwake Make Mapasa anaphika buledi wozungulira, wosalala, wonyezimira pamwamba, namutcha chidazi, ndipo buledi ameneyo ankatha dzuwa lisanakwere.

Patapita zaka, Make Mapasa anatopa ndi uvuni nasiyira mapasa ake nyumbayo. Iwo anachotsa mauvuni, anayamba kugulitsa mafoni, nakweza chikwangwani chowala cha dzina lachilendo. A Mkhalapakhonde anali akadali pampando wawo, ndipo aliyense wofunsa njira ankamuuza kuti kuno n'ku Mbandakucha.